Kuveka Matabwa Kachombo Koyamba

Amayi anzanga, mwana wanu kapena bambo akunyumba akayamba kupanga kachifanizo ka chombo cha matabwa, dziwani kuti ambiri amagwa ulesi pofika pokuta nthiti zake ndi timatabwa. Kachomboko kamangotsala pamwamba pa kabati, ndalama zitapita kale.

Vuto lake inu osoka mumalidziwa bwino. Chombo n'chotakata pamimba koma chopanikizika kumutu, choncho timatabwa tofanana m'lifupi sitingakwane konsekonse. Mmisiri wanuyo ayambe wasalaza m'mbali mwa nthiti ndi sandipepala kuti thabwa ligone bwino. Kenaka ayeze nthiti iliyonse ndi kachidutswa ka pepala, agawe muyesowo ndi chiwerengero cha timatabwa, napale kalikonse kuti kazichepa cha kumutu, koma kasachepe kupitirira theka.

Thabwa louma limathyoka polipinda. Aliviike m'madzi otentha, alikhotetse pa simbi yositira kapena pa ketulo yamoto, nadikire kuti liume asanalimate ndi guluu, pakuti lonyowa limanyala n'kusiya mipata. Akamata limodzi kumanja, lotsatira likhale kumanzere. Kupanda kutero, msana wa chombo umakhota, ndipo kuuwongola n'kovuta zedi.

Ambiri amasirira HMS Victory, chombo cha Angerezi chimene chidalowa m'madzi mu 1765 ndipo chikusungidwa ku Portsmouth. N'chokongoladi, koma kumutu kwake n'kobulungira, kosautsa ngakhale akatswiri. Woyamba kumene asankhe kabwato kosongoka kumutu. Mapini anu osokera okhawo muwabise: ndiwo amagwirira timatabwa podikira guluu, ndipo akapita sabwerera.