Inde, munthu amafa ndi chisanu paphiri la Mulanje

Gulu la achinyamata a mumzinda wa Blantyre linandipeza pa Likhubula likufuna kuti ndilitsogolere pa ulendo wa masiku angapo, kukwera ku Chambe, kudzera ku Chisepo, Thuchila, Chinzama ndi Sombani, n'kukatsikira ku Fort Lister. Nditawapempha kuti atsegule zikwama, ndinapezamo majinzi, sipika ya nyimbo ndi mabotolo a mowa. Jekete ya mvula panalibe ngakhale imodzi. Nditafunsa, mmodzi anati: "Achimwene, kuno si ku Ulaya. Munthu angafe ndi chisanu ku Malawi?"

Mawu amenewa ndatopa nawo. Anthu akamabwera kuphiri kuno amandifunsa za njoka, za akambuku, za mizimu, koma za kuzizira safunsa. Chonsecho chimene ife otsogolera alendo timachiopa kwambiri n'chimenechi.

Munthu ukamakwera, pa mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Nyumba zambiri zogonamo alendo pamwambapo zili pa mamita pafupifupi 2,000, ndipo nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Choncho mukhoza kunyamuka pansi mukutuluka thukuta, madzulo ake mano n'kumaombana. M'miyezi ya June ndi July udzu wa pamwamba umadzuka uli mbuu ndi chisanu, ukamauponda umachita kulira.

Ndiye pali chiperoni. Kumwamba kumakhala kuli ngwee, kenaka nkhungu imatulukira kumbuyo kwa thanthwe, ndipo posakhalitsa mnzako amene ali patsogolo pang'ono sukumuonanso. Mvula yake ndi yowaza chabe, moti anthu amainyozera, koma imatha masiku, ndipo imabwera ndi mphepo. Jinzi ikanyowa siuma msanga. Imamatirira pantchafu n'kumayamwa kutentha kwa thupi mpaka madzulo.

Achipatala vutoli amalitchula kuti hypothermia, kutanthauza kuti thupi, limene limayenera kukhala pa madigiri 37, lazizira kufika pansi pa 35. Kuipa kwake n'kwakuti limasokoneza mutu. Munthu amayamba kunjenjemera, kenaka kupunthwa paliponse, zala kukanika kutseka zipi, mawu kutuluka ngati woledzera. Ukamufunsa amati ali bwino, angofuna kukhala pansi pang'ono. Akasiya kunjenjemera koma ali wozizirabe, anzake amasangalala kuti wapeza bwino, pamene zinthu zafika poipa. Ena amafika povula zovala poganiza kuti akumva kutentha.

Za mowa zija ndiye zimandipweteka mtima. Kachasu kapena burande satenthetsa thupi. Amatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda n'kuthamangira kunja, iwe n'kumamva kufunda pamene kutentha kwako kukuthera mumphepo. Kumwetsa mowa munthu wozizidwa n'kumukankhira kumanda.

Wina akasowa paphiri, anthu amathamangira kunena kuti mizimu yamutenga. Ine sindinyoza zimenezi. Makolo athu ankalilemekeza phirili, ndipo inenso sindilola alendo anga kutukwana kapena kutaya zinyalala pamwambapo. Koma mu 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil amene anali atayenda maiko ambiri, anakwera ku Sapitwa yekha atavala zopepuka, nyengo n'kusintha. Thupi lake linapezeka patapita masabata oposa awiri, ndipo chimene chinamupha ndi kuzizira. Tikamangoti ndi mizimu, wotsatira amakweranso opanda jekete.

Chimene chikuwonjezera vutoli ndi kutha kwa mitengo. Malo amene kale munthu ankabisala mphepo pansi pa mkungudza, lero pangotsala zitsa chifukwa cha ocheka matabwa ndi moto wolusa. Zimandiwawa kudutsapo.

Malangizo anga si achipatala, ndipo nyengo ya paphiri palibe amene angailonjeze, komabe nawa mwachidule. Tengani jekete ya mvula, juzi, chipewa chofunda, ndi zovala zina zouma zokulunga m'jumbo zimene simuzigwira mpaka mutafika pogona. Idyani musanamve njala. Mtedza, mbatata yophika ndi tiyi wa shuga zimathandiza. Nyamukani m'mamawa kuti dzuwa lisakuloweleni panjira. Nkhungu ikatseka ndipo njira simukuiona, imani pamodzi pamalo otchingika, musabalalike. Mnzanu akayamba zizindikiro zija, muvuleni zonyowa, mumufunditse, asagone pathanthwe popanda choyala, ndipo ngati akutha kumeza bwino mupatseni chakumwa chofunda. Wina athamange kukaitana thandizo ngati njira ikuoneka.

Ndipo chonde, wokutsogolerani akanena kuti lero ku Sapitwa sitipita, musamunyengerere ndi ndalama. Mverani, mubwerere.