Gwero la zivomerezi za ku Karonga

Ambiri mwa ife tikukumbukira mwezi wa Disembala 2009, pamene zivomerezi zinagwedeza boma la Karonga motsatizana. Chachikulu, cha mphamvu ya 6.0, chinachitika usiku wa pa 19 kuchera pa 20 Disembala. Anthu ena anataya miyoyo, nyumba zambirimbiri zinagwa, ndipo mabanja anagona panja nthawi ya dzinja. Kodi gwero lake linali chiyani?

Dziko limene tikupondali lili ngati mphika wong'aluka: pamwamba pake pali mapale akuluakulu a thanthwe amene amasuntha pang'onopang'ono. Kuno kwathu, nthaka ya kum'mawa kwa Nyanja ya Malawi ikutalikirana ndi ya kumadzulo ndi mamilimita owerengeka chaka chilichonse. Kukokana kumeneku ndi kumene kunakumba chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, m'mene muli nyanja yathu yozama mamita pafupifupi 700.

Thanthwe likamakokedwa limapirira zaka mazanamazana, monga chingwe chimene chikukungika. Tsiku lina limagonja ndi kutsetsereka mwadzidzidzi potsata mng'alu wake. Kugwedezeka kumene timamva pamenepo ndiye chivomerezi.

Akatswiri a miyala ankadziwa kale za mng'alu waukulu wa m'mphepete mwa mapiri a Livingstone, kutsidya kwa nyanja. Koma atayerekeza zithunzi za masetilaiti zojambulidwa zivomerezi zisanachitike ndi zitachitika, anapeza kuti umene unatsetsereka ndi mng'alu wina wobisika pansi pa dothi la chigwa cha Karonga, pafupi ndi midzi. Umenewu tsopano umatchedwa St Mary's. Popeza unatsetsereka pafupi ndi pamwamba pa nthaka, kuwononga kwake kunakula.

Si Karonga yekha. Mu Malichi 1989 chivomerezi chinapha anthu ku Salima, ndipo chakumwera kwake kuli mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100, umene ungathe kudzetsa chivomerezi choposa cha ku Karonga.

Palibe katswiri amene angatiuze tsiku, koma malo oyenera kusamala atisonyeza. Kawirikawiri chimene chimapha anthu ndi khoma lowagwera. Choncho pomanga nyumba, sukulu kapena tchalitchi, tiyeni tikumbe maziko olimba, tilukanitse bwino njerwa m'ngodya, ndi kuzunguliza lamba wa simenti ndi zitsulo pamwamba pa makoma. Nyumba imene ili ndi ming'alu kale tiikonze msanga, nthaka isanagwedezekenso.