Nambala ya mwini wakale ndi siginecha ya mboni

Foni za obwereketsa ndalama zimayamba mofanana: "Tikuyankhula ndi a uje? Ngongole yanu yadutsa tsiku." Mukati si inu, mawu aja amayamba kuuma. Koma anthu awiri olandira foni yotereyi akhoza kukhala pa milandu yosiyana kutalitali.

Woyamba anangogula simu yatsopano. Makampani a foni, monga Airtel ndi TNM, amatenga nambala yomwe yakhalitsa osagwira ntchito n'kuigulitsanso. Mwini wakale anakongola kwinakwake, ndipo nambalayo ikadali m'mabuku a obwereketsa. Munthu uyu alibe ngongole ngakhale ya tambala imodzi. Kuyambira 2018 simu iliyonse m'Malawi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, choncho umboni woti nambala ndi yake tsopano ulipo. Chimodzimodzi amene m'bale wake anangomulemba pa fomu ngati wachibale wapafupi, iye osadziwa. Kutchulidwa dzina sikumusandutsa wangongole.

Ambiri oterewa amangodula foni kapena kutseka nambala ya oimbawo. Ine ndimaona kuti kutero n'kutalikitsa nkhani, chifukwa mawa aimbira pa nambala ina. Kuli bwino kuyankha kamodzi momveka: funsani dzina la woimbayo ndi kampani yake, lembani tsiku ndi nthawi, kenako alembereni kalata yoti achotse nambala yanu. Musawawerengere nambala ya chiphaso chanu, ndipo musatumize kalikonse pa Airtel Money kapena Mpamba poganiza kuti akusiyani, pakuti akuba nawonso amaimba ndi mawu omwewa. Akapitiriza, madandaulo okhudza mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama ovomerezeka amapita ku Reserve Bank of Malawi. Wakatapila akayamba kuopseza, imeneyo ndi nkhani ya apolisi.

Wachiwiri ndiye amandimvetsa chisoni. Anaperekeza mnzake wa kuntchito, nasaina pamalo pa mboni, akuganiza kuti akungotsimikiza kuti amamudziwa. Mafomu ambiri amanena kuti wokongolayo akalephera, wosainayo ndiye abweze. Mnzake uja wazimitsa foni, mwina wapita ku Joni. Uyu kunena kuti "ndalamayo sindinaidye" sikumupulumutsa. Apemphe kope la mgwirizano, aone chimene anasainira ndi ndalama yotsala, akambirane za kabwezedwe chiwongoladzanja chisanakwere.

Musanakwiye kapena kulipira, afunseni akuonetseni pepala lomwe pali siginecha yanu. Ngati palibe ndipo simunakongole nokha, ngongoleyo si yanu.