Ulendo wa ku Mars ukufunanso odziwa maganizo a munthu

Mu June 2010, amuna 6 adatsekeredwa m'zipinda zonga za chombo mumzinda wa Moscow, ndipo adatuluka mu November 2011, patatha masiku 520. Kafukufukuyu, wotchedwa Mars-500, ankafuna kuona zomwe zingachitike m'mitu mwa anthu paulendo wautali wopita ku Mars. Ena tulo tidawasokonekera. Owayang'anira anali madokotala ndi akatswiri a saikoloje, maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu.

Anthu a ku Makhanga, omwe madzi adawazinga mu January 2015, sangadabwe nazo. Yemwe adagonapo pamsasa wa Bangula akudziwa kuti anthu akapanikizana malo amodzi kwa nthawi yaitali, ndewu imabuka pa ndowa chabe.

Choncho mwana wa ku Nchalo kapena Ngabu akamati akufuna ntchito ya zamlengalenga, musamuseke. Saikoloje amaphunzitsa ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Koma tisanamizane: digiri imodzi siikwanira, masamu sangawathawe poti kafukufuku amayendera ziwerengero, ndipo NASA imalemba nzika za ku America zokha pantchito yokwera chombo. Akatswiri a saikolojewa ntchito yawo amagwirira pansi pompano, kusankha ndi kulangiza okwerawo.