Kodi Phiri aliyense ndi wa magazi a Kalonga?

Pakabuka mkangano wa ufumu m'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, monga ya ku Nachisaka, si zachilendo kumva wina akudziguguda pachifuwa kuti iye ndi Phiri, choncho mpando ndi wake. Mawuwa ali ndi gwero lake, koma paokha ndi operewera.

N'zoona kuti mu ufumu wa Maravi olamulira anali Aphiri. Kalonga, yemwe likulu lake linali ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, ankatumiza abale ake kukayang'anira madera akutali, ndipo ena ankachoka okha akasemphana naye. Undi anakakhazikika ku Mano, m'dera la Tete ku Mozambique, pamene Kaphwiti ndi Lundu analowera kuchigwa cha Shire. Mafumu ambiri a Achewa amalondola mzere wawo mpaka kumeneko.

Koma magazi achifumuwo sankayenda kudzera mwa Kalonga mwiniwake. Ankayenda kudzera mwa Nyangu, mayi kapena mlongo wake, pakuti wolowa ufumu ankachokera m'bere la mayiyu. Mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, anali wa kwa Banda, ndipo ana ake ankatsata mtundu wa mayi wawo. Motero mwana wobereka yekha Kalonga analibe gawo pampando wa bambo ake.

Ku Japan zinali zosiyana. M'chaka cha 815 boma la kumeneko linamaliza kaundula wa mabanja 1,182, ndipo gulu limodzi linali la mabanja odzitcha zidzukulu za mafumu akale. Chaka cha 814 Mfumu Saga inali itayamba kupatsa ena mwa ana ake dzina lakuti Minamoto, n'kuwachotsa pamndandanda wa olowa ufumu. Kumeneko ankawerenga mzere wa bambo, ndiponso ankaulemba. Kuno kaundula anali m'mitu mwa amayi a mbumba.

Chimene chinasokoneza zinthu ku Dowa n'chakuti malamulo awiri anakumana m'mapiri amodzi. Angoni a Chiwere, amene amishoni anawapeza pamene ankatsegula Mvera mu 1889, amapereka ufumu kwa mwana wamwamuna wa mfumu. Achewa oyandikana nawo amaupereka kwa mwana wa mlongo wake. Kuwonjezera apo, anthu ambiri masiku ano amatenga mfunda wa bambo, kotero munthu akhoza kutchedwa Phiri koma mayi ake osakhudzana konse ndi bere lachifumu. Winanso akhoza kukhala Banda pachiphaso chake, chonsecho ndiye mwini mpando weniweni.

Lamulo la mafumu la mu 1967 silinathetse kusiyanaku. Limafuna kuti woikidwa pampando akhale woyenera malinga ndi mwambo wa deralo, komanso wovomerezedwa ndi anthu ambiri a kumeneko. M'mudzi wa Achewa, mwambowo umafunsa kuti munthuyo anabadwa kwa mayi uti, ndipo oyankha funsoli ndi amayi akuluakulu a mbumba.