Kuseka Olamulira: Nthabwala Zandale ndi Ufulu Wolankhula

Nthabwala zandale ndi luso lodzudzula olamulira mwa kuwaseka, kaya m'ndakatulo, m'sewero, m'nyimbo kapena m'katuni, yomwe ndi chithunzi chojambula pamanja chokuza dala chilema kapena khalidwe la munthu kuti aliyense alione. Lusoli si lachilendo kwa Achewa, popeza Gule Wamkulu ali ndi zilombo monga Simoni ndi Maliya zimene zimatsanzira azungu ndi chiphunzitso cha amishoni, ndipo amayi pamtondo akhala akuimba nyimbo zodzudzula mwamuna wankhanza popanda kumutchula dzina, kotero kuti mwamunayo akapsa mtima amakhala wadziulula yekha. Mphamvu ya nthabwala pamaso pa boma loletsa kulankhula yagona pomwepo, chifukwa wolamulira wofuna kulanga womuseka ayenera kuyamba wavomera kuti chithunzicho chafanana naye.

Mbiri ya Malawi mu ulamuliro wa chipani chimodzi imaonetsa mphamvuyi pamodzi ndi malire ake. M'chaka cha 1968 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo lomwe linabala bungwe la Censorship Board, lopatsidwa udindo wounika mabuku, mafilimu, masewero ndi nyimbo, ndi kuletsa chilichonse chimene silinakondwe nacho. Alembi a gulu la Writers' Group, lomwe linayamba mu 1970 pa Chancellor College, anayankha mwa kuphiphiritsa, ndiko kunena chinthu kudzera m'chinthu china, ndipo anabwereka nyama za m'nthano, mizimu ndi Napolo, njoka ya pansi pa phiri imene anthu amati imagumula nthaka ikamasamuka, kuti anene zimene pakamwa poyera sipakanatha kunena.

Jack Mapanje ndiye anafika patali ndi njirayi. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linatuluka ku London mu 1981, ndipo mu 1985 linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo a mabuku m'Malawi. Mu September 1987 apolisi anamugwira ku Zomba n'kukamutsekera kundende ya Mikuyu, kumene anakhalako mpaka May 1991 popanda kuuzidwa mlandu wake kapena kuonekera kubwalo lamilandu. Kusowa kwa mlanduko n'kofunika kukulingalira, chifukwa kuzenga ndakatulo kukanafuna kuti woimira boma aime pamaso pa woweruza ndi kumasulira yekha kuti fanizo lakutilakuti likunena za Ngwazi Banda kapena anthu oyandikana naye, ndipo potero bomalo likanalengeza ndi pakamwa pake chitonzo chomwe linkafuna kuchikwirira. Kuphiphiritsa kunapulumutsa mawu, koma sikunapulumutse mwini mawuwo. Komanso, popeza ndakatulozo zinali m'Chingerezi chovuta, zinkafika kwa ophunzira ochepa okha, pomwe anthu ambiri kumidzi ankadalira wailesi imodzi ya boma.

Zimene zinachitika ku South Africa zimasonyeza kusiyana komwe kumabwera pamene makhothi ali odziimira paokha. Jonathan Shapiro, wojambula makatuni wodziwika ndi dzina loti Zapiro, anayamba kujambula Jacob Zuma ali ndi mpopi wa shawa pamutu, kutsatira zomwe Zuma ananena m'khothi mu 2006, pamlandu wogwiririra umene anapezeka wosalakwa, zoti anasamba atagonana ndi mayi wokhala ndi HIV pofuna kuchepetsa chiopsezo chotenga kachilomboko. Mu 2008 nyuzipepala ya Sunday Times inatulutsa katuni ina yoonetsa Zuma akumasula lamba, anzake andale atapanikizira pansi mayi woimira chilungamo. Zuma anasumira wojambulayo pamodzi ndi nyuzipepalayo, kufuna chipukutamisozi cha R5 miliyoni, koma mu October 2012, kutangotsala masiku ochepa kuti mlandu uyambe, anauchotsa m'khothi ngakhale anali pulezidenti wa dzikolo. Ena anadandaula, ndipo dandaulo lawo linali lomveka, kuti kugwiritsa ntchito fanizo la kugwiririra m'dziko limene amayi ambiri amachitidwa nkhanza zotere kunali kupyola muyeso, koma mkanganowo unachitikira m'nyuzipepala ndi pawailesi, wojambulayo akupitiriza ntchito yake.

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 amateteza ufulu wolankhula m'gawo 35, ndipo mu 2022 aphungu anachotsa mlandu woukira boma ndi mawu m'malamulo a milandu yaupandu. Komabe nthabwala zambiri lero zimayenda pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo lamulo la 2016 loona za intaneti, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lagwiritsidwa kale ntchito pomanga anthu wamba chifukwa cha zomwe analemba zokhudza atsogoleri, anthu amene alibe nyuzipepala yaikulu yowalipirira loya monga anali nayo Zapiro.