Masiku Atatu a Achikulire pa Phiri la Zomba

Takhala mu Zomba zaka 40, komatu phiri tinkangoliona ngati la alendo. Titapuma pa ntchito, tinakwera ku Chawe kukapumitsa matupi masiku atatu.

M'mawa tinkayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa damu la Mulunguzi. Chakudya chinali nsima pang'ono, ndiwo zamasamba zochepa mchere, ndi mabulosi ogula pamsewu. Pa Emperor's View, pomwe anafika Haile Selassie mu 1965, tinaiona bwino nyanja ya Chilwa, mawondo n'kuiwalako kuwawa.

Koma mayi ena anasiya dala mankhwala a BP kunyumba, ati mpweya wakuphiri ukwanira. Tsiku lachiwiri mutu unawagwira, chizungulire chosaneneka. Tinatsika nawo usiku womwewo kupita kuchipatala, ndipo adokotala anatikalipira tonse, osati iwo okha.